Nsalu Ziwiri pa Bokosi la Bambo

Ndinadzuka kusanache. Amayi a mpingo anali atayimba mpaka mawu kusasa, ndipo kuseri kwa nyumba yathu ku Chitawira moto unali ukungofuka, chifukwa nkhuni zinanyowa ndi chiperoni.

Bambo anasiya ana atatu, ine ndi achimwene anga awiri. Aakulu ali m'chipani cholamula, aang'ono ali kotsutsa, ndipo chichitikire chisankho salankhulana.

Pofika eyiti koloko anthu anali atadzaza mpaka mumsewu. Chipani chilichonse chinabweretsa tenti yake, ndipo munthu ankayamba wayang'ana nsalu za okhalamo asanalowe. Abale ochokera ku Nsanje anasowa kolowera. Mayi wina wachikulire anangokhala pa njerwa pakati pa matenti awiriwo, akunyowa.

Mkangano unabuka bokosi likutuluka. Achimwene aakulu anayala nsalu ya chipani chawo pamwamba pake. Aang'ono anaikoka n'kuyala yawo. Aliyense ankakuwa kuti bambo anali awo. Onyamula bokosi anaima pakhomo, abusa atangogwira Baibulo. Ine manyazi anandigwira mpaka misozi inauma.

Amayi athu anadzuka pamphasa.

"Chotsani zonsezo," anatero. "Bambo anu anavoterapo zipani zanu zonse ziwiri, ndipo ulendo uliwonse ankabwera kunyumba akudandaula. Ankati amangosankha amene bodza lake layamba kuiwalika. Mukulimbirana chiyani?"

Achimwene anazichotsa. Bokosi linatuluka lopanda nsalu.

Komabe panjira malole awiri a zipani ankalimbirana kutsatira galimoto ya maliro, mahutala akulira, nyimbo za kwaya zosamveka. Kumanda woimira chipani china analankhula za misewu, mnzake anamuyankha za mtengo wa feteleza, ena mpaka kuwomba m'manja. Palibe anatchula kuti bambo anakhala akukonza mawotchi ku Limbe moyo wawo wonse, kapena kuti anaphunzitsa ana a abale awo ndi kantchito komweko. Ndinali nditalemba zimenezi papepala, koma woyendetsa mwambo anandinong'oneza kuti nthawi yatha, mvula ikubwera.

Madzulo anthu anabalalika. Achimwene anachoka aliyense ndi gulu lake. M'nyumba munangotsala fungo la utsi, matope pakhonde ndi mipando yobwereka. Amayi anavula duku n'kundifunsa chimene ndinapinda m'manja kumanda kuja.

Ndinatulutsa pepala lija, litanyowa m'mbali. Ndinaimirira ngati pali gulu, n'kuwawerengera iwo okha.