Ba Phiri agwa m'madzi ku Chanyanya

Muli shani nonse a pabanja.

Lero tinapita ku Chanyanya kukagula nsomba, ine, amuna anga ba Phiri ndi mwana wathu Taonga. Mu minibasi Taonga ankatifotokozera zimene akuwerenga pokonzekera mayeso. Akuti m'mabuku akale mfumu yamphamvu sigwetsedwa ndi adani, imagwa ndi khalidwe lake lomwe, kaya kunyada, kaya kusamva za anzake. Atate ake anavomera kuti, "Zoona mwanangu, anthu otere ndimawadziwa."

Titafika, ba Phiri anafuna kuti ndiwajambule ali m'bwato. Mwini bwato anawapempha kuti akhale pansi. Iwo amvekere, "Ine ndagwira ntchito ya njanji, ndinkaimirira m'sitima ikuthamanga. Kabwato aka kangandichite chiyani?"

Anaimirira, manja m'chiuno, chifuwa patsogolo. Bwato linangopendekeka pang'ono, basi khuvu m'madzi!

Musade nkhawa, panali posaya ndipo ali bwino. Koma abale, mukanaona! Anavuuka matope mpaka m'makutu, udzu wam'madzi utakhala pamutu ngati chisoti chaufumu. Nsapato imodzi ya kutchalitchi yatsala komweko. Azimayi ogulitsa nsomba anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Pobwerera Taonga anafunsa mwaulemu, "Adadi, ndingalembe za inu pa homuweki yanga?" Iwo anayankha kuti alembe za bwato, chifukwa ndilo linali lokhota.

Manje alamu anga, mukuti bwanji? Chithunzi ndili nacho. Nditumize pano, kapena tidikire mfumu yathu iume kaye?