Tsiku Limene a Sakala Anaiwala Kukumba

A Fackson Sakala anali munthu wamfupi, wa miyendo ya matewe, ndipo akayamba kuimba m'tchalitchi ngakhale mbuzi panja zinkasiya kudya. N'chifukwa chake akulu a mpingo wa Dachi anawapatsa ntchito ya belu, kuti pakamwa papume. Belulo silinali belu ayi, chinali chitsulo cha pulawo yakutha chopachika pamtengo wa mango, koma mphepo ikalola chinkamveka mpaka ku Mkaika.

Kwawo kunali ku Sinda. Kuno ku Kamphambe anabwera chikamwini atakwatira a Dorika. Asanakwatire anatha zaka zisanu ndi zitatu ku Halale, pa famu ya fodya, akukumba ngalande ndi maziko a nyumba. Anabwerako ndi jasi limodzi, Baibulo losomoka chikuto, ndi dzanja lowongoka. Munthu ameneyu akakumba dzenje la chimbudzi unkachita kumva chisoni kuliwononga.

Chikhristu chawo sichinali cha mawu ambiri. Akapatsidwa pemphero, linkatha anthu asanatsinzine bwinobwino. Koma denga la nkhalamba likadontha, m'mawa mwake unkaona timiyendo ta matewe tili patsindwi, mwini nyumba asanapemphe n'komwe. Anthu otero analipo kale. Masiku ano mumayamba mwalemba kalata.

Zaka zimenezo zinali za Chitaganya, dziko litatentha. Boma linalamula kuti munda uliwonse ukhale ndi migula, mizere ikuluikulu ija yotchinga madzi. Kapitawo woyang'anira migulayo anali a Gabriel Mwanza, mwana wa m'mudzi momwemuno, wa kabudula wa khaki ndi njinga yolira belu. Anamangitsa anthu ambiri. A Sakala nawonso anakatchetcha udzu ku Boma ku Katete mwezi wathunthu, chifukwa cha mgula umodzi umene ng'ombe za eni zinagumula. Choncho a Gabriel ankatchedwa kapirikoni, ndiko kuti wogulitsa anzake kwa azungu, ndipo akafika pamowa anthu ankaimirira ngati kwagwa linthumbu.

Mu Okutobala wa 1961 a Gabriel anadwala masiku atatu n'kutisiya.

Tsono inu a lero mumvetse. Kwathu kuno m'bale sakumba manda a m'bale wake. Imeneyo ndi ntchito ya adzukulu, anthu a mabanja ena, ndipo adzukulu akakana, maliro sachoka m'nyumba. Mkulu wa adzukulu anali a Patson Mbewe, mwamuna wa pachifuwa potakata, amene manda okumba iwo ankatchuka midzi yonse. Makoma ake ankaima ngati a sitolo ya Mmwenye. Analinso mkulu wa chipani cholimbana ndi boma la azungu m'mudzi, ndipo mawu ake anali achidule: "Akamuike azungu ake. Wogwira khasu lero ndi kapirikoni mnzake."

Dzuwa linakwera. Mkazi wa malemuyo, a Rebecca, anakhala m'nyumba ndi mtembo pamodzi ndi amayi awiri okha, akuingitsa ntchentche ndi masamba. Kutentha kwa mwezi umenewo mukukudziwa, sikudikira kuti anthu agwirizane.

A Sakala anapita pamtengo wa mango n'kuimba chitsulo chija. Palibe anabwera. Anabwerera kunyumba n'kutenga khasu ndi fosholo.

"Mukupita kuti, bambo a Nelly?" anafunsa a Dorika, ataima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Kumanda."

"Kukaika munthu amene anakutchetchetsani udzu ngati mwana wa sukulu? Atiwotchera nkhokwe anthu awa, inu!"

"Udzuwo unameranso, mayi. Nanga tidikire kuti amuike agalu? Ine m'Baibulo langa sindinapezemo tsamba la akapirikoni."

"Mwina ndi limene linathothoka," anatero a Dorika. Koma anawapatsa chipanda cha madzi.

Atsibweni a malemuyo, nkhalamba yonjenjemera, anakaloza malo n'kulasa khasu kamodzi monga mwa mwambo, kenako anakhala pansi. A Sakala anayeza ndi bango limene anayezera mtembo, analavulira m'manja, n'kuyamba. Posakhalitsa amuna a m'mudzi anafika, a Patson ali patsogolo. Sanabwere kudzathandiza. Anakhala pamthunzi m'mphepete mwa manda kuti aone bwino munthu akudziputira tsoka.

Koma zimene anaona zinali zina. Dzenje lija linayamba kupita kwina. Kumutu linatakata ngati khola, kumiyendo linapanikizika moti nkhuku ikanalowa cham'mbali. Pakati linapinda ngati chikwakwa. Dothi ankaliponya pafupi, n'kumabwereranso m'dzenje momwemo.

Amuna aja anayamba kusuntha matako. Wina anatsokomola. A Patson anayang'ana kumwamba, anayang'ana mitengo, koma diso linkabwerera lokha kudzenje.

"Madala!" anakuwa potsiriza. "Chimenecho n'chiyani? Modyera nkhumba?"

"Ndi manda, a Mbewe," anayankha a Sakala osadzutsa mutu.

"Manda a njoka kapena? Munthu agona bwanji mmenemo?"

"Timupinda pang'ono. Sadandaula."

Ena anaseka, koma a Patson sanaseke. "Khoma la kumanzerelo likugwa! Dulani cha uko. Ayi, uko! Kodi ku Sinda mumaika anthu chokhala?"

A Sakala anadula kumene sanauzidwe, khoma lonse n'kugumukira pamiyendo pawo. Anaima, anapukuta thukuta, n'kunena mofatsa: "Pepani, maso akukalamba. Vuto ndi limodzi. Masana kubwera abale ake a ku Vubwi, ndi a midzi ina omwe. Iwo sadziwa kuti wakumba ndine. Angoti awa ndiye manda a adzukulu a ku Kamphambe, a kwa a Patson Mbewe aja timawamva."

Munthu ungamutukwanire chipani chake, n'kukukhululukira. Koma ntchito ya manja ake, iyayi.

A Patson anadzuka, anavula malaya n'kuwaponyera mnzawo. "Tulukani mmenemo, madala, musatichititse manyazi. Sindikuikira kapirikoni ine, ndikukonza dzenje. Mwamva nonse? Ndikukonza dzenje!"

"Tamva," anatero amuna aja, akuthamangira makasu kumudzi. Nawonso ankakonza dzenje.

Amuna aja anawakoka a Sakala ndi dzanja n'kuwakhazika pamthunzi, pomwe anamwa madzi a m'chipanda chija mosafulumira. Dzuwa lisanapendeke manda anali atatha, makoma ali chilili, kachipinda ka m'mbali kogonekamo maliro kosalala ngati kozira. Ndipo amene wakumba manda sangakane kunyamula chithatha cha maliro, mwambo sulola ntchito ya theka. A Gabriel anapita kumanda pamapewa a anthu omwe iwo anawamangitsa kale, adzukulu akuwanyoza njira yonse monga amachitira adzukulu, kuti akayeze migula kumeneko. A Rebecca anaseka misozi ili m'masaya. A Sakala anapemphera, ndipo tsiku limenelo pemphero lawo lalifupi linakomera aliyense.

Nkhokwe ya a Sakala sinapse. Dzina la kapirikoni silinawamatirire, chifukwa ukanayamba kuwerenga ogwira khasu tsiku limenelo, mudzi wonse unali momwemo.

Patapita milungu iwiri a Patson anadutsa pakhomo pa a Sakala n'kuwapeza akukumba dzenje la chimbudzi chatsopano. Anasuzumira. Makoma anali owongoka ngati ayezedwa ndi chingwe cha mmisiri. Anayang'ana dzenje, anayang'ana mwini wake.

"Maso aja achira, madala?"

"Mulungu ndi wabwino, a Mbewe," anatero a Sakala ali pansipo. "Tandipatsirani fosholoyo."