Goloboyi Wopanda Nkhope

Ntchito yanga inali yolemba zikwangwani. Kuchokera pa boma la Petauke mpaka ku Nyimba, magolosale ambiri a m'mbali mwa msewu waukulu anali ndi dzanja langa. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma chilembo changa sichinapendekekepo. Ndinkagwira ntchito ndi burashi, penti ndi diso basi.

Ndinali ndi mng'ono wanga mmodzi, goloboyi wa timu ya kwathu ku Ndake. Anali wamfupi, khutu lake lakumanzere linali lopindika, ndipo akamadumphira mpira ankatulutsa lilime. Anthu ankaliseka lilimelo, iye n'kumagwirabe mipira. Anadwala dzinja lina, ndipo pofika nyengo yothyola thonje tinali titamuika m'manda. Chithunzi chake cha kamera chinalipo chimodzi, koma chiswe chinadya pamodzi ndi sutikesi imene tinkasungiramo.

Maliro atatha ndinatenga katoni yaikulu ya sopo, ndinamatapo pepala loyera, ndinamujambula akudumphira mpira. Khutu lija ndinaliika, lilime ndinaliika, ndi maso ake aja ooneka ngati akukuseka. Amayi atachiona anadzifunditsa chitenje kumaso. Pamenepo ndinadziwa kuti ndamupeza.

Chinasanduka mwambo. Tsiku la mpira ndinkanyamula katoniyo n'kukaikoleka pa msomali, pa mtengo wa mango umene uli kuseri kwa golo. Osewera ankaigunda ndi chikhatho asanalowe m'bwalo. Mpira ukatha ndinkaikulunga m'thumba la feteleza n'kubwerera nayo kunyumba. Sinagonepo kwa munthu wina.

Kenako zipani zinachuluka, ndipo zinthu zonse zinamasuka. Salaula, zovala zakale zochokera kunja, anadzaza msika, ogula thonje anabwera amitundumitundu, ofuna mavoti anayamba kugulira matimu mipira. Pa boma, amayi ena anatsegula shopu yokhala ndi kompyuta. M'kompyutamo munali tizithunzi tambirimbiri tochokera pa chimbale cha sidi: makapu, mipira, anthu othamanga, ankhonya. Tizithunzito tinali taulere. Munthu ankangoloza ndi chala, iwo n'kusindikiza.

Ntchito yanga inachepa, koma makinawo sindinadane nawo. Ineyo ndinapitako. Sukulu ina itafuna chithunzi cha kapu pa khoma, ndinakasankha pa kompyutapo, ndinachikulitsa ndi dzanja, ndipo chinakhala bwino. Kapu ndi kapu. Ilibe mbale wake.

Wapampando wa timu yathu anali mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga. Munthu wa pakamwa potsekemera. Tsiku lina anandipeza ndikutsuka maburashi.

"Alamu, lelo ndabwela ndi nkhani yabwino. Uja wofuna uphungu watigulila majezi a salaula, ofananafanana. Akuti tiikepo chizindikilo."

"Kasankheni pa kompyuta. Zilipo zambili."

"Aa, zija? Anthu aja alibe ndi mudzi womwe. Ife tifuna mwana wathu pachifuwa. Tibwelekeni katoni."

"Katoni situluka."

"Inu alamu, mwaumila ngati chimanga cha chaka chatha. Angoigoneka pa galasi, makina aione, basi. Mailo madzulo ikhala ili m'manja mwanu. Kapena muganiza kuti ndikaiphika?"

Mlongo wanga anabwera naye tsiku limenelo. Anangoti, "Akulu, naye anali mlongo wanga." Mawu amenewo ndi amene anandifooketsa. Ndinaikulunga ndekha m'thumba, ndinaimangirira ndekha pa njinga ya mlamu wanga. Ndinamuuza kuti asaipinde, asaisiye pa dzuwa, ndipo asachoke pamene ikujambulidwa. Analumbira, chala kumwamba.

Mawa lake sinabwere. Anati amayi a shopu akadali nayo. Sabata yotsatira anati magetsi anazima. Kenako anayamba kundizemba, n'kumadutsa njira ya kuseri kwa chigayo.

Majezi anafika tsiku la mpikisano. Anyamata anatuluka atavala, anthu akululutira. Ndinayandikira mmodzi, ndinamugwira paphewa kuti aime. Pachifuwa panali munthu wakuda bii, ngati chithunzithunzi cha dzuwa. Kadumphidwe kanali komweko. Khutu linkaoneka pang'ono, lilime linali kachiphuphu chabe. Nkhope panalibe.

Mlamu wanga anali pa benchi ya alendo, pambali pa wofuna uphungu uja. Ndinamuitanira pambali.

"Nkhope ili kuti?"

"Penti ya jezi ndi mtundu umodzi, alamu. Maso sangatuluke. Koma onse adziwa kuti ndi iye."

"Katoni ili kuti?"

"Tikamba mpila ukatha. Alendo akutiona."

Tsiku limenelo msomali unali wopanda kanthu. Osewera analowa m'bwalo akudzigunda pachifuwa, ndipo anthu anakondwera nazo.

Lolemba ndinakwera basi kupita pa boma. Amayi a shopu anandilandira bwino, pakuti ankandidziwa.

"Bambo, mwabwela! Lelo mufuna kapu ina?"

Ndinawafunsa za katoni ya sopo. Anaganiza pang'ono, kenako anakumbuka.

"Ija yaikulu? Sinakwane pa galasi. Onani, galasi lake ndi ili, laling'ono ngati buku. Ndinawauza abambo aja kuti apite nayo ku Chipata, koma anati nthawi palibe. Anapempha lezala, anaidula okha zidutswazidutswa, ine n'kumalumikiza m'kompyuta."

"Zidutswazo?"

"Anati ndi katoni chabe. Tinasesa."

Ndinafunsa ngati chithunzi choyamba, cha nkhope, chinatsala m'makinamo. Anafufuza ndithu, sindiwanamizira. Anati anachifufuta atamaliza kuchidetsa, chifukwa chinkadya malo. Kenako anatsegula pamene pamakhala tizithunzi taulere paja. Pakati pa wankhonya ndi mzungu wa njinga panali mng'ono wanga.

"Ameneyu anthu amukonda kwambili," anatero. "Ndinafunsa ngati ali ndi mwini. Abambo aja anati ayi, ndi wa tonse."

Amayiwo sindinawakalipire. Iwo anafunsa. Amene ankadziwa ndi amene anagwira lezala.

Chaka chisanathe ndinamuona mng'ono wangayo pa chikwangwani cha bala ku Nyimba, botolo lili pamene panali mpira. Ndinamuona pa mapepala a mpikisano wa masukulu. Timu ya ku Nyalugwe, imene iye ankadana nayo kuposa njoka, inabwera kudzasewera kwathu itamuvala pamsana. Ndinanyamuka mpira usanayambe.

Mlamu wanga anabwera pambuyo pake atanyamula nkhuku, mlongo wanga ali kumbuyo.

"Alamu, musakwiye. Mwana wathu watchuka, afika mpaka ku Sasale. Kodi m'thumba la feteleza akanamuona ndani? Ndipo dzanja muli nalo. Jambulani ina."

Nkhukuyo ndinamubwezera. Ndinamuuza kuti pa maliro tidzakumana, chifukwa ndi mwambo, koma pakhomo panga asadzapondenso. Mlongo wanga analira. Ndinamuuza kuti iye khomo ndi lake.

Kujambula ina ndinayesa. Ndinagula pepala labwino kuposa loyamba lija. Thupi linabwera msanga, khutu linabwera, lilime linabwera. Maso anakana. Ndikajambula ankatuluka a bambo athu. Ndikafufuta ankatuluka anga. Ndinali nditazolowera kumuyang'ana pa katoni, mwakuti m'mutu ndinaleka kumusunga. Amayi, amene akanandiuza kuti apa walakwitsa, anali atamwalira kale.

Ndikatseka maso tsopano kuti ndimukumbuke, amabwera wakuda uja wa pa jezi, atatambasula manja. Pepala lija likadali kuseri kwa kabati. Lili ndi khutu ndi lilime, pakati pali poyera.