Tsiku Limene a Gwandumi Sanaperekeze Mlendo

Ku Tukuyu ukafunsa kwa a Gwandumi, anthu amayamba aseka kaye kenako n'kukulozera njira. Saseka ntchito yawo ayi. Zitseko zimene mkuluyu amakhoma sizipindika, ngakhale mvula ya kumeneko imagwa ngati ili ndi mlandu ndi anthu. Chimene amaseka ndi kaperekezedwe kawo ka alendo. Ungopita kukabwereka sowo, a Gwandumi asiya thabwa lili pakati, apukuta manja m'thalauza, n'kukuperekeza kudutsa m'munda wa nthochi, kuwoloka kamtsinje, mpaka pamsewu wa phula. Nthawi zina amakafika nawe pakhomo pako penipeni, ndiye iwe manyazi akugwira, uyambanso kuwaperekeza iwo. Akazi awo, mayi Tulinagwe, anasiya kalekale kuwasungira tiyi pamoto.

"Mlendo si nkhuku yoti ungoiingitsa pakhomo," amatero eni ake.

Kupatula zitseko amakhomanso mabokosi a maliro, koma amenewo sakonda kuwatchula. Aang'ono aja makamaka, amawakhomera kuseri kwa nyumba, osaimba mluzu, ndipo tsiku limenelo chakudya chimabwerera m'mbale.

Mpaka imvi kumera, ku Dar es Salaam anali asanapondeko. Amene anawatengera kumeneko ndi mwana wawo wamkazi Subilaga, yemwe anabwerako ku Jeremani kumene ankasamalira okalamba. Anabwera ndi kamnyamata kake, Lwitiko, kosakwana zaka zitatu, komanso ndi mtima wosakhazikika. Chilichonse cha kumudzi chinkamuchedwera: basi, madzi a pampopi, ngakhale moni. Ananena kuti makolo ake sangafe asanaone nyanja yamchere, ndipo malo ogona anawapeza pafoni ali chikhalire pa mpando.

"Ndi hotela, koma yokhala ngati nyumba," anawauza. "Zipinda ziwiri, pabalaza, khitchini ya mapoto ake. Muzikaphika nokha, amayi, musadandaule."

Mayi Tulinagwe atamva za mapoto, anakweza m'basi thumba la mpunga wa ku Kyela ndi mkoko wa nthochi.

Nyumbayo inali pansanjika yachisanu ndi chinayi. Ena atathamangira pazenera kukaona nyanja, a Gwandumi anatsala pakhomo akuyang'ana chitseko. Chinalibe bowo la kiyi. Anachigogoda ndi chala, n'kumva kuti pansi pa utoto wooneka ngati mlombwawo pali chitsulo. Pamwamba pake panali kamkono kopindika, kokoka chitsekocho pang'onopang'ono ngati munthu waulemu.

"Baba, tamverani," anatero Subilaga akuwaonetsa khadi loyera. "Kiyi ndi ameneyu. Chitsekochi chimadzitseka chokha. Osatuluka opanda khadi, mwamva?"

"Iwe, ndinayamba kupachika zitseko usanamere mano."

"Eya, koma izi si zanu zija."

Anamva, inde. Koma kulikonse kumene ankapita, khadilo ankanyamula ndi Subilaga, ndipo iwo ankangodutsa pakhomo ngati bwana.

Chimene chinawasowetsa mtendere ndi makina ozizitsa m'nyumba. Ankati kuzizira anakusiya ku Tukuyu, sanabwere kudzakufunanso kuno, ndipo Subilaga akangotembenuka ankazimitsa makinawo n'kutsegula chitseko cha galasi cha kukhonde. Khondelo linali laling'ono, lolendewera m'malere, lotchingidwa ndi zitsulo zopingasa zokhala ngati makwerero. Anasuzumira pansi kamodzi kokha, n'kuona magalimoto ngati nsikidzi, osabwerezanso. Koma Lwitiko anapakonda pamenepo chifukwa cha akhwangwala amene ankatera pachitsulo cha pamwamba kudikira nyenyeswa za chapati. Mayi Tulinagwe nawo anapeza poyanika zovala, ngakhale Subilaga anawauza kuti n'zoletsedwa, ndipo anakokerako mpando woti aziikapo beseni.

M'mawa wina amayi awiriwo anapita kumsika wa Kariakoo kukagula nsalu. Khadi lina analisiya patebulo, pafupi ndi foni ya a Gwandumi. Lwitiko anali atagona pasofa, phala lili kukamwa.

Posakhalitsa anafika a Mwaisumo, mlongo wawo wa mayi Tulinagwe, amene anakhazikika mumzindamo kalekale akugulitsa zitsulo za njinga zamoto. Anamwa tiyi akunong'ona kuti mwana asadzuke.

"Alamu, mwakwera ndithu," anatero a Mwaisumo. "Kumwamba mwayandikira chonchi, mapemphero anu sachedwanso m'njira."

"Inu mwakalambira mumzinda muno, munagonapo m'mwamba ngati muno?"

"Ine ndimagona pansi, pamodzi ndi udzudzu wanga."

Tiyi atatha, a Mwaisumo anaimirira kutsanzika. A Gwandumi sanaganize chilichonse. Miyendo inangoimirira yokha, monga yakhala ikuchitira moyo wawo wonse.

"Khalani, alamu, njira ndikuidziwa."

"Ndingokufikitsani pachikepe pokhapa."

Chitseko anachisiya chotsegula pang'ono, mmene amachitira kwawo mwana akagona, kuti akalira amve. Anayenda m'kanjira ka pakati pa zipinda, opanda nsapato, akufotokoza za ng'ombe imene inathyoka mwendo. Ali pakati pa nkhani, kumbuyo kwawo kunamveka kaphokoso kakang'ono. Khatya.

Anabwerera msanga n'kugwira chogwirira. Kagetsi kofiira kanaphethira. Anakankha. Chitseko chili nji.

A Mwaisumo anaphulika nako kuseka. "Mmisiri wa zitseko, lero chitseko chakutulutsani! Izi ndikafotokoza pamaliro anu."

"Mwana ali m'katimo."

"Nanga si ali mtulo? Tikatenga khadi lina pansipo."

"Kukhonde n'kotsegula, alamu. Ndatsegula ndine. Mpando uli pomwepo."

Kuseka kunathera pakamwa. A Mwaisumo anathamangira kuchikepe, anadinadina batani, n'kuona kuti chikuchedwa, anatsika pa masitepe mimba ikugwedera.

A Gwandumi anatsala okha. Ankadziwa bwino kuti chitseko chimenecho sichingathyoke ndi phewa la munthu, koma mantha alibe mmisiri. Anabwerera m'mbuyo n'kudziponya. Phewa linachita dzanzi, chitseko osagwedezeka n'komwe. Chimene anakwanitsa ndi chimodzi: kudzutsa mwana.

"Mama!" Kulira kunayamba m'katimo. "Mamaa!"

"Tiko! Ndine babu, agogo ako, ndili pano! Usalire, bambo."

Analira ndithu, ndipo kulirako kunali kwabwino, chifukwa kunkachokera pasofa. Kenako kunayamba kuchepa. Kunasanduka kusisima. Kenako zii.

Kukhonde khwangwala analira.

"Kwaa!" anayankha Lwitiko, mawu ake atasangalala, ndipo ankamveka patali kuposa poyamba.

A Gwandumi anagona chafufumimba, tsaya pa simenti yozizira, diso pa kampata ka pansi pa chitseko. Ankangoona kamzere ka kuwala, miyendo ya tebulo, ndi timapazi tiwiri tikupita kumene kunkachokera dzuwa. Timapazito tinadutsa pakhomo la galasi. Tinaima. Kenako panamveka mpando ukukhwekhwereza, gwee, gwee.

"Tiko! Bwerera! Bwera kuno msanga!"

Phazi limodzi linanyamuka. Linalo linaima pa zala, n'kunyamukanso. Pansi panatsala miyendo inayi ya mpando basi.

A Gwandumi anafuna kukuwa, koma anaopa kuti mwana akadzidzimuka atembenuka mofulumira, ndipo kutembenukako n'kumene kungamugwetse. Anafuna kuthamangira pansi, koma akakaimirira pansipo kuti awakhe chiyani? Chimene chinawaopsa kwambiri n'chakuti manja awo ankaudziwa kale msinkhu wa mwanayo. Anali atamunyamula kokwanira. Ankadziwa kutalika kwa thabwa, ndi pamene sowo ingadutse. Analuma chala kuti maganizowo achoke, koma sanachoke. M'maganizomo anaona Subilaga akutsika basi pamsewu wa phula ku Tukuyu, kumsana kulibe kanthu.

"Kwaa, kwaa! Bwera, idya!" anatero Lwitiko, ndipo chitsulo chinalira ngati chapondedwa.

Pamenepo m'pamene anakumbukira. Kuchokera pamene anafika kwa agogo ake, kamnyamatako kanatengera chinthu chimodzi. Munthu akangoti odi pabwalo, kankasiya chilichonse, ngakhale nthochi yakupsa, n'kuthamangira pakhomo manja ali kumbuyo ngati babu wake, kuti kakhale koyamba kulandira mlendo. Subilaga ankati akumuwonongera mwana ndi zaulemu zachikale.

A Gwandumi anagogoda pang'onopang'ono, mwaulemu, n'kusintha mawu kukhala a nkhalamba yochokera kutali.

"Odi! Odi kunoo! Kodi eni nyumba alipo?"

Zii.

"Odi! Ndine mlendo ine. Ndayenda ulendo wautali, miyendo yatupa. Kodi pakhomo pano palibe mwamuna wondilandira?"

Khwangwala anauluka, mapiko phaphapha. Panadutsa kanthawi kamene a Gwandumi mpaka lero sadziwa kuti kanali kotalika bwanji. Kenako kaphazi kamodzi kanatsika, kakufufuza pansi. Kenako kena. Timapazito tinathamanga, tikukula, mpaka tinatseka kuwala konse.

"Lowani!" anatero Lwitiko kuseri kwa chitseko.

Misozi inatsikira m'khutu mwa a Gwandumi, koma mawu a mlendo sanawasiye.

"Zikomo, bambo. Tiyambe tapatsana moni. Mwadzuka bwanji pakhomo pano?"

"Bwino."

"Nanga ng'ombe zadzuka bwanji?"

"Bwino."

"Nkhumba?"

"Zagona."

"Ayi, zigone. Nanga nthochi zikubereka?"

Moni wa kwawo ndi wautali, ndipo tsiku limenelo anautalikitsa kuposa kale lonse. Anafunsa za mbuzi, za mvula, za apongozi amene mwanayo analibe. Akufunsa choncho analowetsa zala pansi pa chitseko. Mpatawo unali wochepa, chitsulo chinasenda khungu, koma anakankhabe mpaka anamva kadzanja kofunda kakugwira chala chawo chapakati.

"Babu!" anaseka mwanayo. "Ndiwe babu!"

"Ndine mlendo. Gwira dzanja la mlendo, usasiye."

Anagwira kanthawi. Kenako kadzanjako kanayamba kumasuka.

"Ndikaone khwangwala."

"Aa, bambo! Mlendo amamusiya yekha pakhomo? Anakulerani ndani inu? Ndikauza anthu onse a ku Tukuyu kuti kwa a Lwitiko salandira alendo."

Kadzanjako kanagwiranso, mwamphamvu.

Anali atayambiranso kufunsa za ng'ombe kachitatu pamene anamva anthu akuthamanga. Anali mtsikana wa pamalo olandirira alendo, nsapato zazitali zili m'manja, ndipo pambuyo pake a Mwaisumo, thukuta lili kamukamu. Zonse zitatha, a Gwandumi anadzamva kuti pansipo panali mkangano, poti dzina lolembetsa chipindacho linali la Subilaga, mpaka a Mwaisumo anamukokera mtsikanayo panja n'kumulozera m'mwamba.

"Chotsani dzanja, bambo, nditsegule," anatero mtsikanayo akupuma mwabefu.

Chitsekocho chinkatsegukira m'kati. Kuti chitseguke, anayenera kumusiya mwanayo. Zala zinakana.

"Alamu, siyani!"

"Tiko, sendera pambali mlendo alowe. Ima pakhoma pomwepo. Usapite kwina."

Anasolola zala. Kagetsi kobiriwira kanayaka. Sanadikire kuti aimirire. Analowa chokwawa, n'kumukumbatira mwanayo m'miyendo mpaka anayamba kulira kuti akumupweteka.

A Mwaisumo ndi amene anapita kukhonde. Mpando unali utagunda zitsulo zija. Pachitsulo cha pamwamba penipeni panali kachidutswa ka chapati, koikidwa bwinobwino. Anasuzumira pansi, n'kuona kambale ka pulasitiki ka Lwitiko kali gada padenga la galimoto, kakang'ono ngati batani la malaya. Analowetsa mpando, n'kutseka chitseko cha galasi, n'kuyesa kawiri ngati chatsekeka. A Gwandumi anapempha mtsikana uja kuti awayatsire makina ozizitsa aja, ndipo anakhala pasofa akutsokomola, mwana ali pamiyendo.

Patapita nthawi a Mwaisumo anaimiriranso. Anafika pakhomo n'kuima, akudikira mwachizolowezi.

"Ndiye ndapita, alamu."

"Pitani bwino."

"Simundiperekeza?"

"Njira mukuidziwa," anatero a Gwandumi, osasuntha.

Amayi aja atabwera, mayi Tulinagwe ndi amene anayamba kuona zala zosendekazo. A Gwandumi anafotokoza zonse, osabisa za khonde. Subilaga anakalipa m'chilankhulo cha ku Jeremani chimene palibe anamva, kenako anakhala pansi pakhitchini n'kulira atagwira mwendo wa mwana wake. Masiku otsalawo zovala anaziyanika m'bafa. Nyanja anakaiona, ndipo a Gwandumi amati ndi yaikulu ndithu, koma ukawafunsa zambiri amasintha nkhani.

Ku Tukuyu akuperekezabe alendo, mpaka pamsewu wa phula ngati kale. Kungoti masiku ano asanatuluke amayamba ayang'ana m'nyumba monse, ndipo mwana aliyense amene ali pafupi, wawo kapena wa aneba, amamunyamula paphewa n'kupita naye. Pakhomo amasiya atatsekereza chitseko ndi chidutswa cha thabwa. Chitsekocho anakhoma okha, ndipo chimaima pamene wachisiya, sichinayambe chadzitsekapo. Anthu apeza chinanso chowaseka, ndipo iwo amangowasiya aseke.