Mpeni Womezanitsira Mapeyala

Amuna anga anagwira ntchito ku nazale ya esiteti zaka zambiri, yomezanitsa mitengo ya makademiya. Kunyumba ankamezanitsa mapeyala n'kumagulitsa mbande kwa alimi a ku Khwethemule ndi ku Changata. Iwo ankadula, ine ndinkamanga mabalawo ndi timapepala ta pulasitiki. Mpeni wawo unali wopinda, wa chigwiriro cha mtengo, wokhala ndi kamphete kachitsulo kamene umakapotoza kuti mpeni usakupindikire pachala. Ankati unachokera ku Falansa, anawasiyira ndi mzungu wina wa ku nazale pobwerera kwawo. Sankalola kuti ndiugwire. "Inu mudzasendera chinangwa," ankatero.

Atamwalira, tsiku lometa, abale awo anatenga zawo monga mwa mwambo. Njinga, jekete ndi mpeni zinapita ndi achimwene awo. Mkamwini akafa zake zimabwerera kwawo. Zimene zinatsala ndi ine ndi mbande za mapeyala kuseri kwa nyumba, zili m'machubu, zosamezanitsa. Matsinde ake anali atafika kale ngati pensulo. Akapitirira pamenepo amakhwima, sagwiranso bwino, ndipo peyala losamezanitsa palibe amene amagula. Chaka chimenecho ndinalibe china chodalira.

Ndinayesa ndi mpeni wa kukhitchini. Unkatafuna khungwa m'malo modula. Choncho tsiku la msika ndinathyola kanthambi ka peyala, ndinakakulunga m'kansalu konyowa, ndinapita ku Goliati.

Kumapeto kwa mzere wa ogulitsa maloko ndi matochi kunali bambo wina wachikulire wogulitsa mipeni, Msilamu, wa kachipewa koyera.

"Mpeni wanji, mayi? Wa nyama, wa ndiwo, kapena wa apongozi?"

"Apongozi tinaika kale. Ndikufuna wopinda, wa kamphete."

Anandiyang'ana kawiri, kenako anatulutsa kabokosi. Munali mipeni yatsopano, yowala ngati galasi, yonse ya timphete. Anati ndi ya ku Falansa. Ndinatenga umodzi, ndinautsegula, ndinapotoza kamphete. Kanazungulira mosagwira paliponse. Nditagwedeza chitsulo, chinkasewera m'chigwiriro ngati dzino la mwana lofuna kuguluka.

"Falansa wake ndi wa ku Limbe ameneyu," ndinatero.

Anaseka osakana. Ine sindinaseke. Munthu amene wakunamiza koyamba akuseka, kachiwiri amakunamiza ataumitsa nkhope.

Anapisa m'thumba la mkanjo n'kutulutsa wina. Chigwiriro chake chinali chakuda ndi manja a anthu. Anati anaugula kwa ogulitsa kaunjika, amene anaupeza m'thumba la jekete m'belo. Ndinafuna kuutsegula, unakana.

"Wafa uwu."

"Sunafe, mayi. Mtengo watupa ndi chiperoni. Taonani." Anagogoda kumchira kwa chigwiriro pa thebulo kamodzi, nsonga inatuluka yokha. Amuna anga ankachitanso chimodzimodzi pa bondo masiku a nkhungu, koma sindinamuuze, kuopa angakweze mtengo.

Kamphete kake kanagwira zolimba. Chitsulo sichinkasewera ngakhale pang'ono, ndipo chinali chopyapyala kuchokera kumsana mpaka kukamwa. Koma chinali chowala kwambiri, chosagwirizana ndi ukalamba wa chigwiriro. Ndinamufunsa chifukwa chake. Anati anachipukuta kuti chioneke bwino. Mumtima ndinati munthu sapukuta chinthu popanda chimene akubisa.

Ndinamasula kansalu kanga.

"Eee, apa sipodulira nkhuni, mayi. Mukadula mwagula."

"Ukadula bwino ndigula. Ukatafuna ndikusiyirani pamodzi ndi nthambiyo."

Ndinakoka kamodzi monga ankachitira malemu. Bala linatuluka lalitali, losalala, lonyezimira ndi madzi. Ndinagula, koma ndinamuuza kuti kumene amakhala ndikudziwa, ngakhale sindinkadziwa.

M'mawa mwake ndinayamba. Nditamezanitsa mzere woyamba ndinaona kuti chitsulo chada, mabanga abuluu ndi akuda kuyambira kunsonga. Ndinati basi, dzimbiri limene anabisa lija latuluka, ndipo lilowa m'mabala a mbande zanga. Ndinachita chimene mkazi aliyense amachita ndi chiwiya chakuda. Ndinatapa mchenga ndi phulusa, ndinakwecha mbali zonse mpaka unawala. Ukadanso, ndinkakwechanso. Masiku atatu ndinagwira motero. Ndinkamva kuti mpeni ukulimba pokoka, koma ndinkati ndi dzanja langa latopa.

Patapita milungu iwiri, nthambi zimene ndinalumikiza zinayamba kuda ndi kuuma. Mizere itatu yathunthu. Ndinazula imodzi, ndinatenga mpeni, ndinabwerera ku Goliati.

"Munandigulitsa chitsulo chowola," ndinatero anthu akumva. "Taonani mbande zanga. Ndine wamasiye ine, mukudziwa?"

Sanakweze mawu. Anatsegula mpeni, anaupendeka padzuwa, anayendetsa chala kukamwa kwake.

"Mayi, mpeni uwu mwauyesa poto?"

"Unada."

"Uyenera kuda! Chitsulo chimenechi chikalawa madzi a mtengo chimada, ndiye ubwino wake. Chosada chija n'chimene munachikana. Mwaupha kukamwa ndi mchenga. Ndi uwu simungadule ngakhale nthochi yakupsa."

Anthu anaseka. Ine ndinati mwina akungopeza pothawira. Ndinamufunsa kuti ngati kuda n'kwabwino, nanga iyeyo anaupukutiranji? Anakanda kumutu pansi pa kachipewa.

"Chifukwa anthu a kuno sagula chakuda. Pamenepo ndinalakwa, ndikanakuuzani."

Anatulutsa kamwala kosalala, anathirapo madzi, ananola pang'onopang'ono, mbali iyi ndi iyo, kenako anautsetsereza pa lamba wachikopa. Anameta nawo ubweya wa pamkono pake, unagwa. Anandipatsa kamwalako kuti ndiyese ndekha, nandikonza kagwiridwe kawiri. Anati ndikamaliza ntchito ndizingoupukuta ndi nsalu youma n'kupakapo dontho la mafuta ophikira, mchenga ayi. Sanandilipiritse. Zimenezonso zinandikayikitsa, moti panjira ndinautsegula kuti ndione ngati sanandisinthire.

Mbande zimene zinatsala zinali zosakwana theka, ndipo zina zinali zitayamba kukhwima. Ndinasankha zanthete. Mpeni unada tsiku lomwelo, ndipo dzanja linkayabwa kufuna mchenga, koma ndinausiya. Ndinkanola m'mawa uliwonse pa mwala umene ndinatola kumtsinje, wosalala ngati wake uja. Ndikamanga bala lililonse ndinkaliyang'anitsitsa, kufuna kuona ngati kudako kwatsalira mkati. Sindinaone kanthu.

Mlungu woyamba nthambi zinakhala zobiriwira. Wachiwiri chimodzimodzi, koma ndinati zija nazonso zinayamba motero. Mlungu wachinayi maso a nthambizo anatupa, ndipo m'mawa wina ndinapeza timasamba tofiirira tatuluka pa mbande zisanu ndi imodzi. Mawa lake zinawonjezeka. Mnansi wanga anati ndipite ku Goliati ndikapepese kwa bambo aja. Ndinamuyankha kuti ndipita, koma ndiyambe ndaona tsamba lachiwiri.