Galimoto Yonyamula Akufa Okha

Ndinanyamuka ku Manja Lachisanu m'ma 6 koloko m'mawa nditanyamula pepala, cholembera ndi kabokosi ka inki yodindira chala. Ndinkasaka mayina makumi awiri, ndipo ndimayenera kufika nawo ku Limbe 1 koloko isanakwane. Ndiyambe ndafotokoza chimene chinandiyendetsa, poti palibe anandituma koma pakamwa panga pomwe.

Ife ochokera kuchigwa cha Shire okhala muno m'tauni tili ndi kabungwe kathu, ndipo chuma chathu chonse ndi minibasi imodzi yakale yoperekera maliro kumudzi. Zaka zitatu zapitazo, tsiku lokanyamula mtembo, tinapezamo ndowe za mbuzi. Akomiti a nthawiyo anali atayamba kuyendera galimoto ya bungwe pa geni yawo. Pa msonkhano ndinaimirira ine, n'kulankhula mpaka malaya kunyowa. Ndinati mutu umodzi susenza denga, galimotoyi izinyamula maliro okha, ntchito ina iliyonse mamembala makumi awiri ayambe asaina papepala ndi dzanja lawo, osati pafoni, chifukwa foni imanama. Anthu anaomba m'manja n'kundipatsa dzina loti a Malamulo. Ndisaname, dzinalo linkanditsekemera.

Ndiye m'mawa umenewo anandiimbira Mai Semba, wapampando wathu watsopano. A Zuze, mkulu amene anayambitsa bungweli, anali atatulutsidwa kuchipatala, madokotala atanena kuti palibenso chochita. Anali kwa mwana wawo ku Chiwembe, ndipo pempho lawo linali limodzi, loti akafike kwawo kwa Tengani akadapuma. Kukhala tsonga sankatha, choncho za basi wamba panalibe. Minibasi yathu ilibe mipando kumbuyo, matiresi amakwana bwinobwino.

"Vuto n'loti akadali moyo," anatero Mai Semba mosakweza mawu. "Akanakhala atatisiya, makiyi ndikanapereka pompano. Dalaivala akuti ikapitirira 1 koloko sanyamuka, ulendo ndi wautali ndipo nyali zake n'zosadalirika. Lamuloli ndi mwana wanu, a Malamulo. Muberekeni."

Ku Manja zinayenda bwino, ndinapeza mayina asanu tiyi asanazizire. Woyamba kusaina anali mayi a kunyumba kwanga, amene anandifunsa ngati ndikufuna mboni yoona kuti dzanjalo ndi lawodi. 

Itangokwana 7 koloko ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, K1,500 kukafika ku Naperi. Kumeneko nyumba zili m'mipanda, ndipo membala aliyense umayamba wakambirana ndi galu wake. Awiri anasaina pageti akuthamangira kuntchito. Wachitatu anali a Dzimbiri, mphunzitsi wopuma, amene pa msonkhano uja anali woyamba kundivomereza. Anandikhazika pakhonde, anavala magalasi, nawerenga mizere itatu imene ndinalemba papepalapo ngati akuchonga mayeso.

"Mwalemba kuti wodwala," iwo anatero. "Wodwala bwanji? Mawa munthu wa malungo adzaifuna. Mkuja wa dzino. Tikonze mawuwa kaye."

"Bambo, a Zuze sangafike Lamulungu."

"N'chifukwa chake tiyenera kusamala. Zinthu zothamangira n'zimene zinatibweretsera mbuzi zija. Munanena nokha."

Ndinanenadi. Anandimwetsa tiyi wa mkaka ndi buledi, tinakonza mawu, tinawabwezeranso mmene analili, ndipo anasaina nthawi ili pafupi 9 koloko, ataonjezera m'munsi kuti asaina mosakhutira. Ndinatuluka ndi mayina asanu ndi atatu komanso mtima wofuna kuluma munthu.

Minibasi yopita m'tauni inali K1,000. Ndinakhala pakati pa mayi wina wonyamula beseni la nthochi ndi bambo wa jekete yachikopa amene maso ake sankachoka papepala langa. Anawerenga yekha, kenako anawerengera galimoto yonse.

"Ndiye bungwe lanuli, akulu, munthu mumamukonda akauma?"

Ndinayesa kufotokoza za mbuzi. Mayi wa nthochi anati akomiti onse ndi akuba, ndinachita bwino kuwamanga manja. Kondakitala, bambo wa imvi zake, anati iwo dalaivala akamafunsa aliyense asanakhote, ku Blantyre tikafika mawa. Wina kumbuyo anamuyankha kuti komabe akayamba kuthamanga ngati wamisala timamukalipira ndife, poti makosi ndi athu. Pofika pa Ginnery Corner nkhani inali itakambidwa mbali zonse, ndipo wa jekete uja anaitanitsa voti. Minibasi yonse inakweza manja kuti a Zuze apite, ngakhale dalaivala anakweza limodzi. Sindinaonepo msonkhano woyenda bwino chonchi, kungoti munalibe membala ndi mmodzi yemwe.

Mumsika wa Blantyre ndinalowa cha m'ma 10 koloko, n'kulunjika kumabenchi a nsomba zouma, kumene amayi akwathu amagulitsa milamba ya kuchigwa. Atangomva dzina la a Zuze, anayi anapukuta manja pazitenje n'kudinda zala osafunsa kanthu. Mmodzi anayamba kulira, akuti ndi a Zuze amene anaperekeza mtembo wa mwamuna wake mpaka kumanda. Koma Mai Nyakhuwa, amene amakhala kutsogolo pa misonkhano yonse, anapinda manja.

"Ine sindidinda chinthu chosakambirana pa msonkhano. Si inu munatiphunzitsa kuti pepala lobwera nalo munthu mmodzi tiziliopa?"

"Koma wabwera nalo ndine."

"Nanga inu si munthu mmodzi?"

Anandigulitsa milamba iwiri yoti ndikapatse odwala, koma chala anakana. Chimene chinandipweteka n'chakuti sankanyoza ayi. Ankandiyang'ana ngati mwana wasukulu woyembekeza kuti aphunzitsi amuyamikire.

Maofesi a m'tauni anandidyera maola awiri. Ndinakwera masitepe, ndinalemba dzina m'mabuku a alonda, ndinadikira pamipando yozizira. Ndinapeza mayina atatu. Wina amene ndinkamudalira anali ku Mangochi ku maphunziro a kuntchito, ndipo pafoni anandiuza mokoma mtima kuti ndingomulembera, iye wavomera ndi mtima wonse. Ndinaima pakhonde la sitolo cholembera chili m'manja. Palibe akanadziwa. Koma ndinakumbukira mawu anga omwe oti foni imanama, ndipo ndinachibweza m'thumba. Mpaka lero sindidziwa ngati kumeneko kunali kukhulupirika kapena kunyada chabe.

Nkhomaliro ndinadya choimirira, chinangwa chokazinga cha K500 ndi tsabola, kenako ndinakwera ya ku Limbe, K1,200. Nthawi inali 12:30, mayina khumi ndi asanu. Pa Chichiri tinaima kudikira anthu, pa Maselema tinaimanso, ndipo kondakitala ankakuwa kuti kwatsala malo a munthu mmodzi pomwe inali yopanda anthu theka lonse. Ndinayang'ana wotchi mpaka ndinaleka. 1 koloko inandipeza ndili pampando, ndikununkha milamba. Mantha anandigwira enieni. Ndinaona a Zuze akumwalira m'chipinda cha lendi ku Chiwembe, kenako ife tikubwera ndi galimoto yathu mwaulemu wonse, nthawi yomweyo, popanda pepala lililonse, poti tsopano akwanira pa lamulo. Ndinayesa kuimbira Mai Semba kawiri, foni yawo sinkapezeka.

Ku Limbe ndinapezabe mayina awiri, telala wina wa pakhonde ndi mlongo wake wogulitsa kaunjika. Ndinkangosainitsa poti sindinadziwe chochita china. Ndinafika kugalaja kumene timasungitsa galimotoyo nthawi ili pafupi 3 koloko, ndi mayina khumi ndi asanu ndi awiri, ndikukonza m'mutu mawu opepesera.

Pamalo pake panali banga la oilo ndi mwala umene timatsekera tayala. Galimoto panalibe.

"Anaitenga kalekale, 10 koloko isanakwane," anatero mlonda wa pagalajapo, akutafuna mzimbe. "Anabwera mayi aja ndi dalaivala, anayalamo matiresi. Anati akabwera bambo wa pepala ndimupatse ichi."

Kanali kakalata kolembedwa kuseri kwa envelopu. "A Malamulo, ndaona kuti mpweya wa a Zuze sudikira mayina. Ndaphwanya lamulo ndekha, akomiti anzanga asaimbidwe mlandu. Loweruka la mawa lino kuli msonkhano, mukafuna mudzandichotse pampando, lamulo likukulolani. Pepala lanu musataye."

Ndinakhala pa tayala lakutha. Choyamba kubwera chinali chimwemwe, mpaka maso ananyowa. Koma ndinene zoona zonse, pambuyo pake panabwera kamkwiyo. Angatenge bwanji galimoto ya anthu osafunsa eni ake? Lero ndi a Zuze, mawa adzakhala mlamu wa wapampando, mkuja mbuzi zija zabwerera. Munthu yemwe uja amene theka la ola lapitalo ankapemphera kuti wina aphwanye lamulo, tsopano ankafuna kudziwa kuti waliphwanya ndi chilolezo cha ndani. Ndinadziseka ndekha, mlonda n'kumandiyang'ana.

Foni inalira ndikadali pomwepo. Anali mwana wa a Zuze, akuti adutsa Bangula, bambo ali maso, apempha kuti atsegule zenera amve kutentha kwa kwawo. Kenako ndinamva mawu ena, otsika kwambiri, a mkulu uja mwini.

"A Malamulo. Takhuta."

Anandithokoza m'Chisena chakwathu, ine amene tsiku lonse ndinali chopinga pa njira yawo. 

Ulendo umenewu unandiphunzitsa kuti mamembala ndife eni galimoto, koma sitingagwire chiwongolero tonse makumi awiri nthawi imodzi. Amene tamupatsa makiyi ayenera kuloledwa kukhota pangozi, ndipo akabwerako adzatiuze pamaso pa onse chifukwa chake. Lamulo langa linadziwa kumanga wakuba, koma linamanganso munthu wabwino ndi chingwe chomwecho.

Ndinayang'ananso pepala lija. Ndinadziwa kuti Loweruka a Dzimbiri adzabwera ndi magalasi awo, Mai Nyakhuwa adzakhala kutsogolo, ndipo onse adzatembenukira kwa ine kuti ndiwerenge lamulo lochotsera Mai Semba. Mayina akakwana makumi awiri, nkhani idzakhala yoti mamembala anavomera, kungoti galimoto inafulumira. Akapanda kukwana, mayi amene anafikitsa a Zuze kwawo adzachoka pampando ndi mawu anga.

Ndinamufunsa mlonda kumene akukwerera minibasi za ku Bangwe masiku ano. Kumeneko kuli mamembala anayi, ndipo ine ndinkafuna atatu. Ndinamusiyira milamba ija, n'kukakwera.