Zimene a Zikhalo Anaona pa Foni ya Falesi

A Zikhalo Ndapeza a ku Kaphuka anafika zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi asanaonerepo sewero la pa kanema mpaka kumapeto. Sikuti ankadana nawo masewero ayi. Munthu amene wathera moyo wake akucheka matabwa m'phiri la Dedza sadziwa kukhala pansi manja ali lende. Chimene chinawakhazika pansi ndi nkhwangwa, imene inaphonya chitsa n'kuwatema pamwamba pa phazi mu Juni chaka chatha. Mwana wawo wamkazi Falesi, amene amagulitsa kabichi ndi mbatatesi pa Linthipe, anawatenga kuti azitsukitsa bala pafupi. M'mawa uliwonse ankawakhazika pa thumba kuseri kwa benchi, mwendo uli pa kreti, ndipo mkuluyo ankangowerenga magalimoto a pamsewu nkhope ili ndwii.

Ntchito ya sowo ndi ya anthu awiri. Chipika cha paini chimagonekedwa pamwamba pa dzenje, wina amaima pamwamba kutsata mzere wa makala, wina amalowa m'dzenjemo kukoka, utuchi ukumuthothokera m'maso. A Zikhalo anali wapamwamba. Wam'dzenje anali a Bonifasio a mudzi woyandikana nawo, munthu wa dzina la chikhristu koma mtima wonse uli ku Gule Wamkulu. Zaka makumi atatu ndi chimodzi anakoka sowo imodzi. Ankagona mumsasa umodzi, kufunda bulangeti limodzi chifukwa chisanu cha m'phiri muja sichifunsa mpingo wa munthu, kudyera mbale imodzi, ndipo akatsikira ku boma Loweruka ankayenda atagwirana dzanja monga amachitira amuna ogwirizana kwathu kuno.

Zonsezo zinatha ndi maliro amodzi, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mkazi wa a Bonifasio, make Chikumbutso, atamwalira, pamaliropo panafika gule. Mwezi womwewo a Zikhalo anali atangosankhidwa kukhala wapampando wa mphakati wa Akatolika kwawo, udindo umene anaulakalaka zaka zambiri. Palibe anawaletsa kupita, ndipo tisawanamizire ansembe. A Zikhalo anavala jekete, anayenda mpaka pa kamlatho ka pakati pa midzi iwiriyo, ndipo atamva ng'oma anayamba kuganiza zimene akhristu anzawo akanene Lamulungu. Anabwerera. Anadziuza kuti apita mawa ng'oma zikatha, mawalo linasanduka sabata, sabata inasanduka manyazi. A Bonifasio sanatumize mawu aliwonse odandaula. Anangotumiza munthu kudzabweza tupa yonolera sowo, ndipo kucheka kunathera pomwepo.

Pa Linthipe ndi pamene anamva zatsopano za mnzawoyo. Kettie, mayi wogulitsa tomato pa benchi yoyandikana ndi ya Falesi, anakwatiwa kumudzi kwa a Bonifasio, ndipo pakamwa pake sipasunga kanthu. Anati maso a mkuluyo anazimiratu, ndipo mwana wawo Chikumbutso adzawatenga kumapeto kwa Julayi kukakhala nawo ku Kasungu, osadzabwereranso. A Zikhalo anangoti, "Oo," n'kuyamba kukonza bandeji yomwe inali bwinobwino. Mumtima munkawawa. Ankafuna kumuona munthuyo asanapite, koma sankadziwa kuti akafika pakhomo pake akayambira pati.

Masana, ogula akachepa, Falesi ndi Kettie ankatsamiritsa foni pa mulu wa kabichi n'kumaonera sewero la ku Thailand, la anyamata awiri a pa yunivesite, wina wolemera wina wosauka. Mawu ake anali a chilankhulo cha kwawoko, Chingerezi chikudutsa m'munsi. Anali ndi gulu lawo pa WhatsApp, anthu oposa makumi anayi, amayi ambiri ndi amuna angapo obisala kuseri kwa zithunzi za maluwa, ndipo gawo lililonse likatha m'gulumo munkabuka mkangano. Kettie ankadandaula kuti olemba amakoka kusamvana kumodzi magawo anayi pamene munthu akanangofunsa mnzake. Mphunzitsi wina wa ku Salima ankati mnyamata wolemerayo amachitira nkhanza wosaukayo, ndipo nyimbo yokoma imene amaika pamenepo siichotsa nkhanzayo. Namwino wina ankafunsa chifukwa chake mtsikana aliyense m'masewero amenewa amamuikamo kuti tizingodana naye. Ena sankafuna zonsezo, iwo bola nkhope zosalala.

Tsiku loyamba a Zikhalo anayang'ana kumbali. Lachiwiri anaonera ndi diso limodzi. Lachitatu anauza Falesi kuti asunthe kabichi wina amene ankawatchinga.

Ndiye mafunso. Kodi anawa amaphunzira nthawi yanji, poti tsiku lonse ali pa masitepe kuyang'anizana? Kwawoko kulibe khasu? Chifukwa chiyani mvula ikayamba amathamangira panja m'malo mothawira m'nyumba, ndipo m'mawa mwake wina amadwala malungo opanda udzudzu? Ndani amachapa malaya oyerawo? Anachita chidwi kwambiri ndi mmene ana a kumeneko amagundanitsira manja popatsa moni akulu, ndipo anati makolo awo ndi anthu. Matabwa a m'nyumba zawo anawayamikiranso, ngakhale anaona chitseko china chimene mmisiri wake sanachipale bwino. Atafunsa za anyamata awiriwo, Falesi anayankha akuyang'ana pa sikelo kuti ndi anthu ogwirizana kwambiri. Mwana wamkazi angawauze bwanji bambo ake zinazo, masana, pamsika?

Ndipo bambowo sanaone chachilendo. Anyamata kugwirana dzanja, kudyera mbale imodzi, wina kufunditsa mnzake bulangeti, wina kukwiya mnzake akayenda ndi ena: zonsezi anazidziwa bwino kuposa Falesi.

Kettie ndi amene anayamba kujambula mawu awo n'kumatumiza kugulu, iwo atavomera. Posakhalitsa anthu anayamba kudikira ndemanga za "Agogo a Matabwa" kuposa gawo lenilenilo. Mkuluyo anati vuto la sewerolo ndi lakuti anyamatawo sagwira ntchito limodzi. Mnzako umamudziwa pa chinthu cholemera, pamene iwe watopa iye n'kukoka mbali yako osakuuza. Awa sananyamulepo ngakhale ndowa, ndiye tikhulupirira bwanji? Mphunzitsi wa ku Salima anayankha kuti m'zaka zitatu za gululo palibe ananenapo zanzeru chotere. A Zikhalo anamvetsera yankholo kawiri, ndipo tsiku limenelo anadya bwino.

Kuyamikiridwa kumamasula lilime. Pa gawo lachisanu ndi chiwiri, pamene wina anabereka mnzake kumsana atabinya mwendo, mkuluyo anauza Kettie kuti ajambule.

"Apa pokha alondola," anatero. "Ine ndi Bonifasio tinali chonchi ndendende. Chilichonse mukuona anawa akuchita, ife tinachita m'phiri muja, mwina kuposa."

Kettie anagwa pa tomato ndi phwete. Falesi anathawira kuseri kwa matumba. A Zikhalo anaganiza kuti amayiwo akondwa ndi nkhani ya kale, ndipo anasekera limodzi nawo.

Gawo lachisanu ndi chinayi linali la maliro. Mayi a mnyamata wosauka uja anamwalira, ndipo wolemerayo anafika ndi galimoto pachipata, anaona anzawo a bambo ake ali pomwepo, n'kutembenuza galimoto. Falesi anafuna kuthamangitsa gawolo koma bambo ake anamugwira mkono. Anaonera mpaka kumapeto osafunsa funso ngakhale limodzi. Kenako anapempha okha foni ya Kettie kuti awajambule mawu.

"Mnyamata uyu ndi wamantha, ndipo mantha akewo ndi onyansa. Asanamizire bambo ake. Anthu amene akuwaopawo pofika mawa adzakhala ataiwala, koma mnzakeyo adzakumbukira mpaka imfa amene anakhala naye pansi tsiku limenelo ndi amene sanabwere. Munthu wotere sayenera kukhululukidwa msanga."

Palibe anaseka. Kettie, amene ankadziwa nkhani ya kamlatho monga aliyense wa kumudzi kuja, anatumiza mawuwo mwakachetechete n'kupita kukathira madzi tomato wake.

Sabata yotsatira gawo lakhumi linabweza nkhani m'mbuyo, wamantha uja akukumbukira masiku abwino. Anyamata awiri ali pa khonde, kuyang'anizana monga mwa masiku onse, kenako n'kupsompsonana pakamwa, osafulumira. A Zikhalo anasendera pafupi ndi foni, anabwerera m'mbuyo, anayang'ana Falesi. Falesi ankasanja mbatatesi zosanjidwa kale. Ndi Kettie amene anawamasulira, mosazungulira, kuti sewero lonselo chiyambire ndi la chikondi cha mwamuna ndi mwamuna mnzake, ndipo gulu lonse linkadziwa kupatula iwo.

Zoterezo a Zikhalo anali atazimvapo pa wailesi, anthu akukangana, koma sankaganiza kuti zingakhale ndi nkhope, ndi mayi womwalira, ndi bulangeti. Choyamba kuwabwerera m'mutu sichinali tchimo kapena lamulo. Anali mawu awo aja, akuti ndendende, mwina kuposa, amene tsopano anali m'mafoni makumi anayi ndi kwina kumene anawatumiza. Thukuta linawatuluka m'chisanu cha Julayi. Anakalipira Falesi kuti wawachititsa manyazi pa anthu, ndipo m'mawa mwake anakwera njinga yamoto kubwerera ku Kaphuka bala lisanapole bwino.

Kumudzi nkhani inali itafika kale. Panalibe amene ankaikhulupirira, koma inali yokoma kuinena. Amuna a pa bawo ankawafunsa ngati m'phiri munkazizira kwambiri. Mayi wina wa mumphakati anawapatsa moni akuseka ndi maso. A Zikhalo anadzitsekera pakhomo masiku anayi, akudziuza kuti tsopano n'zosatheka: akangowoloka kamlatho kaja, midzi iwiri idzakhala ndi choseka mpaka nthawi yokolola. Analinso ndi mkwiyo wina umene sankaumvetsa, chifukwa ngakhale sewerolo linawanyansa, mtima unkafunabe kudziwa ngati mnyamata uja anapita.

Lachinayi anaimbira Falesi. Sanapepese, iyenso sanayembekezere. Anafunsa za mtengo wa kabichi, za bandeji, kenako anatsokomola.

"Nanga wamantha uja, anakamuona mnzake?"

"Sitikudziwa, bambo. Gawo lomaliza lituluka Loweruka." Kenako Falesi anawonjezera: "Koma Kettie akuti galimoto ya a Chikumbutso ibwera mawa masana."

Lachisanu m'mawa nkhungu isanachoke, a Zikhalo anavala jekete, anatenga ndodo, n'kuuyamba ulendo akutsimphina. Anadutsa pa bawo pali anthu, ndipo wina anakuwa kuwafunsa kumene akupita atatchena chotero. Anayankha kuti kwa Bonifasio, mokweza kuti amve onse, ndipo kuseka kumene kunatsatira anakumva mpaka kumunsi kwa dimba. Kunawawa ndithu, koma miyendo inapitirira.

Anapeza katundu atamangidwa kale pakhonde: matumba awiri, mpando, wailesi. A Bonifasio anali pamphasa akuwothera dzuwa, ataonda, maso ali oyera ngati phulusa. A Zikhalo anaodira ndi mawu amene anatuluka mopyapyala. Wakhunguyo anatembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Zikhalo. Akuti watchuka pa foni."

"Ndatchuka."

"Mpongozi wanga anandiikira mawu akowo kuti ndimve. Za m'phiri zija ndinaseka mpaka kutsokomola, chitsiru iwe." Anasiya kumwetulira. "Zinazo sindinaseke. Unamutukwana bwino mnyamata uja."

A Zikhalo anali atakonza mawu ambiri panjira, za udindo, za ng'oma, za mmene zinthu zinalili nthawi imeneyo. Onsewo anawaona kuti ndi opanda pake. Mpongozi anabweretsa mpando koma anaukana. Anavula chipewa, anakhala pansi pa dothi mwendo wabalawo atautambasula, monga amakhalira munthu wofika pa siwa, ndipo anawomba m'manja mofatsa katatu.

"Ndabwera kudzapepesa maliro a mlamu wanga, make Chikumbutso. Pepa, Bonifasio. Ndachedwa."

Mpongozi uja anaima ndi mpando m'manja, osadziwa ngati aseke kapena alowe m'nyumba. A Zikhalo anayamba kuopa kuti a Bonifasio awathamangitsa, ndipo akanawathamangitsa sakanadandaula. Kenako wakhunguyo anawongola msana, anaika manja pa mawondo, n'kuyankha monga amayankhira namfedwa kwa wobwera kudzakhuza, amene ayenera kuuzidwa mmene matenda anayendera kuyambira pachiyambi.

"Anayamba ndi mutu, Lachiwiri, tikuchokera kudimba," anatero. "Ena onse ndinawafotokozera mwachidule. Iwe ukhale bwino pamenepo, chifukwa ndikuuza zonse."